Kusintha Thambo pa Chithunzi

Kusintha thambo ndi luso lochotsa thambo la chithunzi n'kuikapo lina lojambulidwa padera, mosaonetsa polumikizira. Lusoli linayamba kompyuta isanabwere. M'zaka za m'ma 1850, Gustave Le Gray wa ku France ankaphatikiza nyanja ndi mitambo zojambulidwa pazokhapazokha, chifukwa pojambula nthawi imeneyo thambo linkangoyera mbee, mitambo osaoneka.

Pa kompyuta, thambo latsopano limaikidwa pa layer yakeyake (gawo losanjikizidwa pa chithunzicho), ndipo mask (chophimba) imabisa lakale. Povuta ndi m'nthambi za mitengo, m'tsitsi ndi pamawaya a magetsi, pomwe pamatsalira kamzere koyera. Kuwala nako kuyenera kugwirizana: dzuwa likhale kumbali imene mithunzi ikuchokera, ndipo thambo lofiira la madzulo lifiiritseko nthaka ndi makoma. Ngati pali madzi, mitambo yatsopanoyo ionekenso m'madzimo.

Pulogalamu ya Luminar 4 inayamba kuchita ntchitoyi yokha mu 2019, Photoshop n'kutsatira mu 2020. Otsatsa nyumba amalikonda lusoli, koma pa zithunzi za nkhani n'loletsedwa, ndipo mpikisano wa World Press Photo sulandira zithunzi zotere.