Mbiri ya Chiphaso cha H-1B ndi Malipiro a Akatswiri a Makompyuta ku America

Chiphaso cha H-1B, chomwe chimalola kampani ya ku America kulemba ntchito katswiri wochokera kunja kwa zaka 3 zimene zingawonjezeredwe kufika pa 6, chinakhazikitsidwa ndi lamulo limene Pulezidenti George H. W. Bush anasainira mu 1990. Lamuloli linaika malire a ziphaso 65,000 pachaka, ndipo linakakamiza wolemba ntchito kulonjeza kuti malipiro a mlendoyo sadzachepera pa amene anthu a ntchito yomweyo amalandira m'deralo, pofuna kuti mlendo asasanduke chida chotsitsira malipiro a eni dziko.

Intaneti itayamba kufala, komanso kutabuka mantha akuti mapulogalamu akale, amene ankalemba chaka ndi manambala awiri okha, adzasokonekera pofika 2000, makampani anadandaula kuti akatswiri akuperewera, motero aphungu anakweza malirewo kufika pa 115,000 mu 1998 ndi 195,000 mu 2000, asanabwererenso pa 65,000 mu 2004. Komabe chimene chinasiya chipsera chachikulu ndi ndime ina ya lamulo la 1998, yomwe inati kampani yodalira kwambiri ziphasozi iyambe yafunafuna nzika ndipo isachotse nzika pantchito kuti ilowetsepo mlendo, koma n'kuimasula ku udindowu ngati mlendoyo ali ndi digiri yachiwiri kapena akulandira madola 60,000 pachaka. Ndalamayi, imene inali yooneka panthawiyo, inakhala yosasinthidwa pamene malipiro a olemba mapulogalamu ankakwera, ndipo mpata umenewu unapindulira makampani obwereketsa antchito monga Infosys ndi Tata Consultancy Services a ku India. Mu 2015 zinamveka kuti antchito a Southern California Edison ndi a Disney ku Orlando anauzidwa kuphunzitsa ntchito alendo amene anabwera kudzawalowa m'malo asanachotsedwe.

Mkwiyo wa ochotsedwawo ndi womveka, koma kuutula pa mlendo n'kulakwitsa, pakuti iyenso lamuloli linamumanga manja. Chiphaso chimapemphedwa ndi kampani, ndipo wochotsedwa ntchito amapatsidwa masiku osapitirira 60 kuti apeze wina womulemba, apo ayi alongedze katundu. Popeza dziko limodzi sililoledwa kupitirira 7 peresenti ya ziphaso zokhazikika ku America, Amwenye, amene ndiwo ambiri mwa olandira H-1B, amadikira zaka zambirimbiri kuti apeze chiphaso chokhazikika, ndipo munthu wodikira chotere sakhala ndi mphamvu zokanira malipiro ochepa kapena zotsutsana ndi bwana wake.