Kujambula nyenyezi: ntchito yaikulu imayamba kukacha

Usiku wopanda mwezi, munthu akaima ku Mbombwe kapena ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, amaona Mlalang'amba utayala thambo lonse mbee. Akaloza foni kumwambako, imamubwezera chithunzi chakuda bii, chokhala ndi timadontho tofiira ndi tobiriwira tomwe kumwamba kulibe. Ambiri amagwa ulesi pomwepo, n'kumati foni ndi yachabe. Komatu vuto limeneli ndi lakale kuposa foni.

Makolo athu ankasunga zakumwamba m'nthano. Alice Werner, m'buku lake la 1906 lonena za anthu a dziko lino, analemba zomwe Anyanja ankafotokoza, zoti mwezi uli ndi akazi awiri. Wakum'mawa, Chekechani, amaumana chakudya mpaka umaonda. Wakumadzulo, Puikani, amaudyetsa n'kunenepanso. Akazi awiriwa ndi nyenyezi imodzi, Nthanda, yomwe nyengo zina imaoneka mbandakucha, nyengo zina madzulo. Nthano imayenda popanda batire, koma siwerenga nyenyezi.

Kuziwerenga kudzera pa zithunzi kunayambika mwangozi, kuno kummwera kwa Africa. Mu 1882 kunaoneka nyenyezi yamchira yowala kwambiri, ndipo David Gill, mkulu wa malo oonera zakuthambo ku Cape Town, anabwereka kamera kwa wojambula zithunzi wa m'tauni, n'kuimangirira pa telesikopu. Iye ankafuna mchirawo, koma chithunzi chitatuluka, kumbuyo kwake kunali nyenyezi mbwee. Apa m'pamene anaganiza zojambula thambo lonse lakummwera pa magalasi, ntchito yomwe inayamba mu 1885.

Kujambula kunatenga zaka ngati zisanu. Kuyeza magalasiwo ndiye kunadya nthawi. Jacobus Kapteyn wa ku Groningen, katswiri amene analibe telesikopu yakeyake, anadzipereka kuyeza kadontho kalikonse, ndipo anakhalira ntchitoyi zaka zoposa khumi, masamu ena akumuthandiza akaidi a kundende ya mumzindawo. Mabuku atatu omwe anatuluka pakati pa 1896 ndi 1900 anali ndi nyenyezi 454,875. Dzina la Gill ndi lomwe limatchuka pa chithunzi chija, koma ine ndimaona kuti amene analima mundawo ndi Kapteyn.

Mu 1969 Willard Boyle ndi George Smith anapanga CCD, kachipangizo kosandutsa kuwala kukhala manambala, ndipo magalasi ndi mafilimu zinayamba kupita pambali. Thukuta la Kapteyn silinathe ayi, langosamukira pa laputopu.

Gwero la mavuto n'lakuti dziko limazungulira madigiri 15 pa ola. Kamera ikakhala yotsegula kupitirira masekondi 20 kapena 25, nyenyezi zimasanduka timizere. Ukafupikitsa nthawi, kuwala kumachepa, timadontho tabodza tija n'kuchuluka. Choncho wojambula amaika kamera pa miyendo itatu n'kujambula malo amodzimodzi kambirimbiri, mu RAW, kutanthauza zithunzi zomwe kamera sinazikonze. Akatha, amavundikira lenzi n'kujambula mdima weniweniwo, kuti kompyuta idziwe timadontho tobadwa ndi kamera n'kutichotsa. Mapulogalamu aulere ngati Siril, Sequator ndi DeepSkyStacker amasanjikiza zithunzizo, nyenyezi pa nyenyezi inzake. Masamu ake ndi ouma mtima: zithunzi 4 zimayeretsa kawiri, koma kuti kuyere kakhumi pamafunika zithunzi 100.

Ndiye laputopu yapukusa, yatentha, yamaliza magetsi asanathime, koma chotuluka n'chakudabe. Kuwala kulimo, kwangobisala, ndipo kumafunika kukukoka pang'onopang'ono. Ukakoka, choyamba kutuluka si Mlalang'amba koma chikasu cha magetsi a ku Limbe ndi Blantyre, chitadetsa mbali yonse yakumadzulo. Ukachichotsa mopupuluma, ufumbi wa Mlalang'amba umapita nacho limodzi. Ukawonjeza mtundu, thambo limasanduka lapepo, la mtundu uja timauona pa Facebook anthu n'kumaombera m'manja. Nthawi zina umazindikira m'mawa kuti theka la zithunzi n'zachimbuuzi chifukwa mame anagwera pa lenzi pakati pa usiku, iwe uli phee m'bulangeti.

Chiradzulu ili ndi mwayi womwe anzathu a ku Ulaya amaulipirira ndege: chimake cha Mlalang'amba, pomwe pali nyenyezi zothithikana kwambiri, chimadutsa pafupifupi pamutu penipeni. Tsoka lake, chimafika pamenepo nthawi yabwino ya usiku mu Juni ndi Julayi, nyengo ya chiperoni, pamene nkhungu imatha kumeza phiri la Chiradzulu masiku angapo osalekeza. Chiperoni chikapita, Ogasiti mpaka Okutobala kumabwera fumbi ndi utsi wa moto wosakira mbewa, kenako mitambo ya dzinja. Wofuna thambo loyera amadalira kumapeto kwa Epulo ndi Meyi, mvula itangosiya, mwezi uli mumdima. Koma nyengo imeneyo chimake chija chimakwera pamutu cha m'ma 2 koloko kapena 3 koloko usiku, ndiye bulangeti, tochi ndi batire yapadera zisatsale.