Masipuling'i Ofewa pa Chasesi Yolimba: Mbiri ya Sasipenshoni m'Mipikisano ya Magalimoto ya Anthu Wamba ku Britain

Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse itatha, dziko la Britain linatsala ndi mabwalo ambiri a ndege za nkhondo amene analibenso ntchito, ndipo popeza bwalo lakale la mipikisano la Brooklands, lomwe linatsekedwa mu 1939, silinatsegulidwenso, okonda liwiro la magalimoto anatembenukira ku misewu ya m'mabwalo a ndegewo. Mu 1948 mipikisano inayamba ku Silverstone ndi ku Goodwood. Ambiri mwa opikisana anali amakaniko, ophunzira ndi antchito a m'maofesi amene ankadzimangira magalimoto awo m'magalaja a kuseri kwa nyumba, ndipo ndi m'manja mwa anthu amenewa mmene munakhwimira luso lokonza sasipenshoni, ndiye kuti masipuling'i, ma shock absorber ndi zitsulo zonse zolumikiza magudumu ku thupi la galimoto.

Chimake cha luso limeneli chinali bungwe la 750 Motor Club, lomwe linakhazikitsidwa mu 1939 ndipo linatenga dzina kuchokera ku injini ya 747cc ya galimoto yaing'ono yotchedwa Austin Seven. Galimotoyi inapangidwa kuyambira 1922 mpaka 1939, choncho nkhondo itatha zakale zinkapezeka paliponse pa mtengo wolowa m'thumba la munthu wamba. Malamulo a mpikisano wa 750 Formula, umene unayamba mu 1949, ankafuna kuti womanga galimoto agwiritse ntchito chasesi ndi injini ya Austin Seven, ndipo popeza kainjini kotere kali ndi malire a mphamvu imene kangapereke, wofuna kupambana anayenera kufunafuna nthawi yake m'makona. Apa ndi pomwe panali vuto, chifukwa magudumu awiri akutsogolo anali pa ekiselo imodzi yolendewera pa sipuling'i ya zitsulo zaphanthiphanthi zosanjikizana yogona chopingasa, kotero kuti gudumu limodzi likagunda bampu linkapendeketsanso linzake. Ma shock absorber ambiri a nthawi imeneyo anali timbale tokhulana tofinyidwa pakati pa mikono iwiri yachitsulo, ndipo makaniko ankangomanga nati yapakati ndi sipanala akafuna kuti alimbe. Timbale totere timakana kwambiri pamene gudumu likuyamba kusuntha, koma tikangomasuka sitigwiranso mokwanira, motero galimoto inkagwedeza mano pa timabampu ting'onoting'ono kenaka n'kumadumphadumpha pa mabampu akuluakulu. Chasesi nayonso inkapindika. Nzeru ya masiku amenewo inali yolimbitsa masipuling'i mpaka asiye kusuntha, zomwe zinkachititsa kuti chasesi yofookayo izigwira ntchito ya sipuling'i popanda choiletsa kunjenjemera.

Woyamba kutchuka ndi njira yotsika mtengo yothana ndi ekiselo imodzija anali Leslie Ballamy, amene m'zaka za m'ma 1930 ankadula ekiselo ya kutsogolo ya Austin kapena ya Ford pakati, n'kumangirira zidutswa ziwirizo pa chasesi kuti gudumu lililonse lizikwera ndi kutsika palokha. Njirayi inali ndi chilema chake, chakuti gudumu linkasintha kapendekedwe likamakwera, koma inali yotheka kwa aliyense wokhala ndi sowo ndi makina owotcherera zitsulo.

Amene anasinthiratu kaganizidwe ka nkhani yonseyi ndi Colin Chapman, yemwe anamanga galimoto yake yoyamba kuchokera ku Austin Seven yakale mu 1948 akadali wophunzira uinjiniya ku University College London, ndipo mu 1951 anavutitsa anzake mu 750 Formula ndi galimoto yotchedwa Lotus Mark III. Chapman anaona kuti chimene chimakhotetsa galimoto ndi kachigawo ka tayala kokhudza msewu, kosaposa kwenikweni chikhato cha dzanja la munthu, ndipo kuti ntchito yonse ya sasipenshoni ndi kusunga kachigawo kameneka pa phula nthawi zonse. Tayala lodumpha m'malere, ngakhale kwa kamphindi, siligwira kanthu. N'chifukwa chake iye anatembenuza dongosolo lakale: chasesi ikhale yolimba kwambiri, masipuling'i akhale ofewa ndiponso okhala ndi mpata wokwanira wosunthira, ndipo ma shock absorber amphamvu aziletsa sipuling'i kupitiriza kunjanja ikatha kumeza bampu. Lotus Mark VI ya mu 1952 inali ndi chasesi ya mapaipi ang'onoang'ono owotcheredwa pamodzi, ekiselo ya Ford yodulidwa pakati ndi masipuling'i ozungulira, ndipo inkagulitsidwa m'zidutswa kuti wogula akalumikize yekha. Lotus Seven inatsatira mu 1957, ili ndi mikono yotchedwa wishbone kutsogolo, yomwe imagwira gudumu pamwamba ndi pansi kuti lisapendeke mwachisawawa. M'bungwe lomwelo munatulukanso Eric Broadley, amene anayambitsa kampani ya Lola, ndi Arthur Mallock, womanga magalimoto otchedwa U2.

Maganizo a Chapman sakanapita patali ma shock absorber akanakhala a timbale tokhulana aja. Mtundu umene unalowa m'malo mwake ndi wa paipi yodzaza mafuta, momwe pisitoni imakankha mafutawo kudutsa m'timabowo, kotero kuti kukana kwake kumakula molingana ndi liwiro limene gudumu likusunthira. Kampani ya Koni ya ku Netherlands inatulutsa mtundu wotheka kuusintha kulimba kwake mu 1945, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 Ferrari inkaugwiritsa ntchito mu Formula One. Vuto lotsala linali lakuti mafuta akatentha ndi kutakasika kwa nthawi yaitali amachita thovu, ndipo shock absorber imafooka mpikisano uli mkati. Mfalansa wina, Christian Bourcier de Carbon, anathetsa zimenezi poika mpweya wopanikizidwa kuseri kwa pisitoni yachiwiri yoyandama kuti uzifinya mafutawo, ndipo kampani ya Bilstein ya ku Germany inatengera njirayi n'kuyamba kuika ma shock absorber otere m'magalimoto a Mercedes-Benz mu 1957. Kuyambira pamenepo woyendetsa wamba ankatha kugula m'sitolo zipangizo zofanana ndi za akatswiri, koma kutha kuzisintha kunabweretsanso msampha wake, pakuti munthu amene sanazolowere kumva zimene galimoto ikuchita pakona amangopotokola uku ndi uku osadziwa ngati wakonza kapena waononga.

Pamene mipikisano ya magalimoto wamba a pamsewu inakula, cholakwa chakale cholimbitsa chilichonse chinabweranso m'maonekedwe ena. Ford Consul ndi Zephyr za mu 1950 zinafalitsa sasipenshoni ya Earle MacPherson, mmene shock absorber yokhala mkati mwa sipuling'i imagwiranso ntchito ya mzati woimikapo gudumu, ndipo lero magalimoto ang'onoang'ono ambiri ali ndi mtundu umenewu kutsogolo. Galimoto yotere ikatsitsidwa mopitirira muyeso, mkono wa pansi umapendekera kolakwika, thupi limafuna kugwera kumbali kwambiri pakona, ndipo mpata wosunthira umatha mpaka chitsulo kumakagunda pa labala yoletsa. Amakaniko a m'mabwalo a mipikisano anazindikira kuti woyamba kumene amapindula kwambiri akasintha mabushi otha, akaika ma shock absorber abwino ogwirizana ndi masipuling'i ake, ndiponso akakonza camber, komwe ndi kupendekera mkati pang'ono kwa nsonga ya gudumu kuti tayala lakunja ligone lonse pa msewu galimoto ikamakhota. Anti-roll bar, chitsulo chopotoka cholumikiza mbali ziwiri za galimoto, imabwera pambuyo pake, chifukwa ntchito yake yaikulu ndi kugawa kagwiridwe: ikalimba kutsogolo galimoto imakana kukhota, ikalimba kumbuyo galimoto imataya matako. Mwambo wa ntchitoyi ndi kusintha chinthu chimodzi pa ulendo umodzi, kulemba nthawi, ndi kuyeza kutentha kwa tayala m'mphepete zonse ziwiri ndi pakati galimoto ikangoima.

Okonza mipikisano ya oyamba kumene anafika pochotseratu chisankho cha zipangizo za sasipenshoni m'manja mwa woyendetsa, ndipo anachita bwino. Kampani ya Caterham, imene inagula ufulu wopanga Lotus Seven mu 1973, inayambitsa mu 1995 mpikisano wa anthu amene sanapikisanepo, womwe lero umatchedwa Caterham Academy, ndipo onse amayendetsa magalimoto ofanana ndendende. Ku America mpikisano wa Spec Miata, wa galimoto ya Mazda MX-5 imene inatuluka mu 1989, nawonso umatchula masipuling'i, ma shock absorber ndi ma anti-roll bar ovomerezeka, kotero kuti wopikisana amatsala ndi alayinimenti, mpweya wa m'matayala ndi kutalika kwa galimoto kuchokera pansi. Mu Caterham Academy, womaliza chaka choyamba amaloledwa kukwera ndi galimoto yomweyo ku gulu la Roadsport, komwe amawonjezera matayala ogwira kwambiri ndi anti-roll bar ya kumbuyo, ndipo masipuling'i ndi ma shock absorber olimba amadikira mpaka gulu lotsatira.