Kuthira ndi Kutapa: Mbiri ya Masamu Osatha

Pa msika masamu amatha. Tigula mcere, tigula sopo, tiwerenga ndalama, basi. Koma alipo masamu ena amene satha. Taonani awa: 1 + 1/2 + 1/3 + 1/4, ndi kupitirira osalekeza. Nambala iliyonse ndi yaing'ono kuposa ya m'mbuyo mwace. Tikaziphatikiza zonse, tidzafika pati?

Ca m'ma 1350, Nicole Oresme wa ku France anapeza yankho. Iye anaona kuti 1/3 ndi 1/4 pamodzi zipambana theka. Nambala zinai zotsatira zipambananso theka. Zisanu ndi zitatu zotsatira, cimodzimodzi. Matheka otere sadzatha. Motero ciwerengero cikula pang'onopang'ono, koma cilibe malire.

Anthu ena pambuyo pace anayesa kusintha zizindikiro, kuphatikiza ndi kucotsa mosinthana: 1 − 1/2 + 1/3 − 1/4. Apa ciwerengero sicithawa. Cikhazikika pafupi ndi 0,693.

Tsono funso linakula. Ngati tisankha tokha pophatikiza ndi pocotsa, tingafike pa nambala iti? Yankho ndi lodabwitsa: pa nambala iliyonse imene tifuna.

Tiyeni tiyese ndi madzi. Tilembe mzere m'kati mwa mtsuko. Tili ndi zikho zambiri. Coyamba ndi cathunthu, caciwiri ndi theka lace, cacitatu ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, kumka zicepa. Cikho ciliconse tigwira naco nchito kamodzi. Madzi akakhala pansi pa mzere, tithira. Akapitirira mzere, titapa. Oresme watiuza kale kuti zikhozi, ngakhale zicepe bwanji, pamodzi zikwanira kufika pa mzere uliwonse. Ndipo popeza zimka zicepa, kuphonya kwathu kumkanso kucepa. Madzi ayandikira mzere mpaka diso silionanso kusiyana. Kuthira ndiko +, kutapa ndiko −.

Mu 1837 Dirichlet wa ku Germany anaonetsa cinthu cina cobvuta kucimeza. Osasintha cizindikiro ngakhale cimodzi, kungosintha malo a nambala, yankho lisintha. Masamu aja a 0,693, tikamaphatikiza ziwiri ndi kucotsa imodzi, apatsa pafupifupi 1,04. Kwa wogulitsa nsomba zimenezi sizingacitike, pakuti masamu ace ali ndi pothera. Ayambe kuwerenga usipa kapena cambo, ndalama ndi zomwezo.

Amene anamasula mfundo imeneyi ndi Bernhard Riemann, mwana wa mbusa, amene anaphunzirapo kwa Dirichlet. Mu 1854, ku Göttingen, analemba kuti posintha malo okha tingafikenso pa nambala iliyonse. Njira yace ndi yomweyi ya mtsuko: onjeza kufikira upitirire, cotsa kufikira utsike. Anafotokoza zimenezi m'mizere yocepa cabe, m'kati mwa nkhani ina yaitali. Iye anamwalira ndi cifuwa cacikulu mu 1866, ali ndi zaka 39, nkhaniyo isanasindikizidwe. Mnzace Richard Dedekind ndiye anaitulutsa.