Mbiri ya Nsomba za Mbuna ndi Njira Yodutsa m'Mapiri a Dowa ndi Ntchisi

M'Malawi mulibe nyumba yaikulu ya mumzinda yoonetsera zamoyo za m'madzi, imene m'maiko ena imatchedwa aquarium, kumene anthu amalipira pakhomo kuti akaone nsomba zikusambira m'matanki a galasi. Komabe nsomba za m'nyanja ya Malawi zili m'gulu la nsomba zodziwika kwambiri m'nyumba zoterezi, ndiponso m'matanki ang'onoang'ono a m'makomo mwa anthu ku Ulaya, ku America ndi ku Asia. Mbiri ya mmene nsombazi zinafikira kumeneko imakambidwa kawirikawiri ngati nkhani ya kunyanja kokha, koma imakhudzanso mapiri a Dowa ndi Ntchisi, chifukwa msewu umene nsomba zamoyo zakhala zikudzera popita ku bwalo la ndege umakwera m'mapiri a Dowa, ndipo mitsinje yotsika m'mapiri onsewa imakathira madzi ndi matope ake pafupi ndi miyala pamene nsombazo zimakhala.

Mapiri a Dowa ndi Ntchisi ali pamene dziko lokwera la m'chigawo chapakati limathera n'kuyamba kutsetsereka kulowera ku chigwa cha Salima ndi Nkhotakota, ndipo kuyambira kale anthu a m'mapiriwa ankaidziwa nsomba ngati ndiwo. Matemba ndi milamba ankagwira m'timitsinje ndi m'madambo pogwiritsa ntchito miono, pamene mu mtsinje wa Bua, umene umalekanitsa maboma awiriwa ndi boma la Kasungu, munkagwidwa mpasa ndi sanjika pa nyengo imene nsombazi zimachoka m'nyanja kukwera mtsinje kukaikira mazira. Usipa ndi utaka zinkabwera zouma kuchokera kunyanja, zitasenzedwa pamutu m'tinjira ta m'zitunda, ndipo ankazisinthanitsa ndi chimanga, ufa kapena nyemba. Kudera lomweli kunafika amishoni a mpingo wa Dutch Reformed, A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok, amene anakhazikitsa mishoni ya Mvera m'dziko la mfumu Chiwere m'chaka cha 1889. Ndipo pamene njanji inafika ku Salima mu 1935, msewu wotsika m'mapiri a Dowa unasanduka njira yaikulu yamalonda, fodya akutsika kukakwera sitima ndipo nsomba zouma zikukwera kupita m'misika ya kumtunda. M'malonda amenewa ubwino wa nsomba unkayesedwa ndi kukula kwake, kunona kwake ndi kusawola msanga, kotero kuti tinsomba ting'onoting'ono ta m'miyala, totalika ngati chala cha munthu kapena kupitirirako pang'ono, tinalibe malo pa msika.

Ku Ulaya nako, chizolowezi choonetsa nsomba zamoyo kwa anthu ambiri chinayamba mu 1853, pamene malo osungira nyama a mumzinda wa London anatsegula nyumba ya nsomba, ndipo pambuyo pake mizinda ina inatsatira, monga Berlin mu 1869 ndi Chicago, kumene Shedd Aquarium inatsegulidwa mu 1930. Ngakhale zinali choncho, nsomba za m'nyanja ya Malawi zinayamba kufika ku Ulaya zili zakufa, zina zoumitsidwa ndipo zina zili m'mabotolo a mankhwala oletsa kuwola. John Kirk, amene anayenda ndi David Livingstone, ndiye anatola zoyambirira, ndipo Albert Günther wa ku British Museum anazifotokoza mu 1864. Kenaka Cuthbert Christy anatola zochuluka mu 1925 ndi 1926, zimene Ethelwynn Trewavas anagwiritsa ntchito polemba ndandanda ya nsomba za banja la chambo za m'nyanjayi mu 1935. Popeza nsomba ikakhala m'mankhwala maonekedwe ake amazilala, akatswiriwa ankadalira kuwerenga mano, mamba ndi minga ya zipsepse, ndipo kuwala kwa nsombazi kunayamba kudziwika bwino kunja m'zaka za m'ma 1950, pamene Geoffrey Fryer anaziphunzira zili zamoyo m'miyala ya ku Nkhata Bay ndi kufalitsa dzina limene Atonga amazitchula, loti mbuna.

Mbuna ndi nsomba zazing'ono za banja limodzi ndi chambo ndi utaka, zimene zimakhala m'magombe amiyala, kuzungulira zilumba ndi pa milu ya miyala ya pansi pa madzi, ndipo zambiri zimadya ndere zomera pa miyala pamodzi ndi tizilombo tokhala mu nderemo. Zazikazi zimasunga mazira m'kamwa kwa milungu pafupifupi itatu kufikira tiana titatha kusambira tokha, ndipo chifukwa chakuti mbuna zambiri sizidutsa pa mchenga wautali kapena pa madzi akuya popanda mwala wobisalamo, gulu lililonse limakhala lotsekeredwa pa miyala yake kwa mibadwo yambirimbiri, mpaka kusiyana ndi anzake m'maonekedwe ndi m'makhalidwe. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene nyanja ya Malawi ilili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, mitundu imene akatswiri amayerekeza kuti ndi pakati pa 800 ndi 1,000, ndipo ndicho chinapatsa malondawa mphamvu, pakuti mulu uliwonse wa miyala unkatha kutulutsa nsomba ya buluu, yachikasu kapena yamizeremizere imene ogula anali asanaionepo.

Kutumiza mbuna zamoyo kunja kunayamba m'zaka za m'ma 1960, pamene ndege zothamanga ndi matumba a pulasitiki zinapangitsa kuti nsomba ifike ku Ulaya isanafe. Mmodzi mwa oyamba anali Peter Davies, amene ankagwira ntchitoyi kummwera kwa nyanja, koma amene dzina lake linamangika kwambiri ku malondawa ndi Stuart Grant, amene anayamba m'zaka za m'ma 1970 ndi kukhazikitsa matanki ake pa Kambiri Point ku Senga Bay m'boma la Salima, kumene anagwira ntchito mpaka imfa yake mu 2007. Pa nthawi imene Grant ankayamba ntchitoyi dziko linali kusamutsira likulu lake ku Lilongwe, ntchito imene inakhazikika mu 1975, ndipo pamene bwalo la ndege la Kamuzu linatsegulidwa mu 1983 ku Lumbadzi, kumalire a Lilongwe ndi Dowa, Senga Bay inakhala gombe lapafupi kwambiri ndi ndege zopita kunja. Kuchokera pamenepo mabokosi a nsomba zamoyo akhala akukwera msewu wa Salima, kudutsa mbali za Mvera ndi Chezi, msewu womwewo umene ogulitsa usipa ndi utaka amadzera ndi mabasiketi awo.

Ntchito yeniyeni yogwira nsombazi imagwiridwa ndi Amalawi olowa pansi pa madzi, amene amapuma mpweya wopopedwa ndi makina a m'boti kudzera m'paipi yaitali, ndipo amatchinga kaukonde kamaso aang'ono pakati pa miyala n'kumakusira nsomba imodziimodzi kumeneko, posankha mtundu ndi msinkhu umene wogula waitanitsa. Nsomba yogwidwa pakuya siitulutsidwa nthawi imodzi, chifukwa m'mimba mwake muli kathumba ka mpweya kamene kamafufuma ikakwezedwa mofulumira ndipo kakhoza kuipha. Choncho imaikidwa m'chigubu chobooledwa chimene amachikweza pang'onopang'ono, nthawi zina kwa masiku angapo. Ikafika kumtunda imasungidwa m'thanki kuti ipole mabala ndi kuzolowera, kenaka imamanidwa chakudya ulendo usanayambe kuti isaipitse madzi m'njira, ndipo pomaliza imaikidwa m'thumba la pulasitiki lokhala ndi madzi pang'ono ndi mpweya wa okosijeni wochuluka, n'kutsekeredwa m'bokosi losunga kutentha. Luso lalikulu pa ntchitoyi lili pa kudziwa mwala umene mtundu uliwonse umakhalapo, ndipo luso limeneli lili m'mitu ya ogwira nsombawo.

Maina amene akatswiri a sayansi anapatsa nsombazi amasonyeza anthu amene anali ndi mbali m'malondawa. Aulonocara stuartgranti inatchulidwa polemekeza Grant, Aulonocara baenschi ya kufupi ndi Benga m'boma la Nkhotakota, kumunsi kwa mapiri a Ntchisi, inatchulidwa polemekeza Ulrich Baensch, woyambitsa kampani ya ku Germany yopanga chakudya cha nsomba za m'matanki, ndipo mbuna yotchedwa lombardoi ya ku chilumba cha Mbenji inatenga dzina la John Lombardo, wochita malonda a nsombazi ku America. Pakati pa maina ambiri a akunja pali la Saulos Mwale, Mmalawi wolowa pansi pa madzi amene ankagwira ntchito kwa Grant, amene Ad Konings anamulemekeza mu 1990 potchula mbuna ya pa miyala ya Taiwanee kuti saulosi. Kuchepa kwa maina oterewa kukusonyeza mmene ulemu unagawidwira pakati pa ogwira nsomba pansi pa madzi ndi oigula kapena kuilemba m'mabuku.

Malondawa anasiya zipsera m'nyanja, ngakhale kuti nsomba zotumizidwa kunja n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi zogwidwa kuti zidyedwe. Mtundu umene dziko lake lonse ndi mulu umodzi wa miyala ukhoza kutha msanga ngati ogula aukonda, ndipo saulosi pamodzi ndi baenschi zili m'kaundula wa bungwe la IUCN wa zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu, chifukwa chachikulu chikutchulidwa kuti ndi kugwidwa mopitirira muyeso. Vuto lina linali lakuti ogulitsa ena oyambirira ankataya nsomba zotsala pa malo amene sizinachokere, monga zinachitikira pa chilumba cha Thumbi West ku Cape Maclear, kumene mitundu yochokera kumpoto inakhazikika ndi kuyamba kulimbirana malo ndi mitundu ya pomwepo. Pofuna kuteteza nsombazi boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park mu 1980, imene bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo a chuma cha dziko lonse mu 1984, ndipo zilumba za Maleri za ku Salima zili m'malire ake. Kumpoto kwake, pa chilumba cha Mbenji, chitetezo chinabwera kudzera mu ufumu, pakuti kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mfumu Makanjira ya ku Salima ndi anthu ake akhala akutseka usodzi pa chilumbachi m'miyezi ya dzinja, ndipo ngakhale cholinga chawo n'kusunga utaka, mbuna za m'miyala ya pamenepo zimapumanso.

Mbali ya mapiri m'mbiri imeneyi ikuonekera kwambiri pa nkhani ya nthaka. Kuyambira m'zaka za m'ma 1920 Dowa inakhala limodzi mwa maboma akuluakulu a fodya wochiza ndi utsi, makamaka bungwe la Native Tobacco Board litakhazikitsidwa mu 1926, ndipo ulimi umenewu, pamodzi ndi wa fodya wa bale umene unafala pambuyo pake, unafuna nkhuni ndi milimo yambiri yomangira zigafa. Nkhalango ya Ntchisi, imene inatetezedwa ndi lamulo mu 1924, inatsala ngati kachigawo kochepa ka mitengo yachilengedwe pakati pa zitunda zolimidwa mpaka pamwamba. Mvula ikagwa pa minda yotsetsereka yopanda mitengo ndi akalozera, dothi limakokolokera m'mitsinje monga Bua, Chirua ndi Lumbadzi, umene madzi ake amakathera mu Linthipe, ndipo Linthipe amathira m'nyanja moyang'anizana ndi zilumba za Maleri. Matope amenewa amadetsa madzi kotero kuti dzuwa silifika pansi kuti ndere zimere, amakwirira miyala ndi mapanga obisalamo, ndipo amasokoneza kuswana, pakuti mbuna yaikazi imazindikira yaimuna ya mtundu wake makamaka poona maonekedwe ake. Matope omwewo amakwiriranso timiyala ta m'mitsinje pamene mpasa imaikira mazira, motero kukokoloka kwa nthaka kumapweteka nsomba ya m'mbale ndi ya m'galasi yomwe.

M'kupita kwa zaka phindu lalikulu la mbuna linachoka m'manja mwa dziko limene zinachokera, chifukwa nsombazi zimaswana mosavuta m'matanki, ndipo zambiri zimene zikugulitsidwa masiku ano zimabadwira m'mafamu a ku Florida, ku Czech Republic ndi kummwera chakummawa kwa Asia, pamene za m'nyanja zimagulidwa makamaka ndi ofuna mbewu yatsopano kapena mtundu wosowa. Kwa mwana wa sukulu wa ku Mponela, ku Madisi kapena ku Malomo, malo apafupi oonera nsombazi zili zamoyo ndi matanki a ku Senga Bay, amene amalandira alendo, kapena miyala ya m'nyanja yeniyeniyo, ndipo ulendo woterewu umafuna ndalama zimene sukulu zambiri za m'mapiri sizikhala nazo. Zotsatira zake n'zakuti anthu amene kalimidwe kawo kali ndi mphamvu pa tsogolo la mbuna ndiwo amene sanapatsidwe mwayi wokwanira wozidziwa, ndipo ntchito yoteteza nsombazi idzakhala yoperewera ngati idzathera pa kulondera zilumba, osafika pa kusamala nthaka ndi mitengo ya m'zitunda za Dowa ndi Ntchisi.