Kiyi wa kanema amasunga ndani?

Anzanga, inu amene mumasinthasintha matchanelo madzulo, mukudziwa kuti mpaka 1999 Malawi adalibe wayilesi yakeyake ya kanema? Kamuzu sadafune n'komwe. TVM idatsegulidwa mu Epulo 1999, nthawi ya Muluzi, lamulo la 1998 litakhazikitsa kale MACRA kuti izipereka ziphaso.

Ndiye tamverani izi. Muluzi yemweyo atachoka pampando, mu 2007 MACRA idatseka Joy TV ya banja lake, ati idalibe chiphaso choyenera. Bungwe lobadwa m'manja mwake!

Masiku ano chikwapu chinanso ndi ndalama. Mu 2022 Rainbow TV idalandidwa chiphaso kamba ka ngongole ya fizi, fizi yowerengedwa m'madola pomwe otsatsa malonda amalipira kwacha. Atolankhani ndi ojambula ake ntchito idawathera pompo.