Mmene Mazenera a pa Kompyuta Anapezera Maonekedwe Ake

Ana athu akamatsegula kompyuta kusukulu kapena ku ofesi, amaona timabokosi tosanjikizana ngati mapepala pa tebulo, ndipo amayesa kuti zinthu zinali chomwecho kuyambira kale. Timabokosi timeneti timatchedwa mazenera, ndipo tili ndi mbiri yake.

Kale munthu ankalankhula ndi kompyuta polemba malamulo oloweza pamtima. Ukaphonya chilembo chimodzi, makinawo ankakukanira. M'zaka za m'ma 1970, akatswiri a kampani ya Xerox ku Palo Alto, m'dziko la America, anakonza kompyuta yotchedwa Alto yomwe inkatha kuonetsa mazenera osanjikizana. Mu 1979 Steve Jobs ndi anzake a ku Apple anapita kukaona ntchitoyi, ndipo anabwerako mitima ili dyokodyoko.

Vuto linali kuchepa kwa mphamvu. Macintosh ya 1984 inali ndi sikirini ya timadontho 512 m'litali ndi 342 m'lifupi, takuda ndi toyera basi. Zenera lina likaphimba linzake, makina ankayenera kudziwa mbali yobisika ndi yoonekera, kuti asataye nthawi kujambula zomwe diso silidzaona. Bill Atkinson ndiye anapeza njira yowerengera zimenezi mwachangu. Iye yemweyo poyamba anakana kupanga ngodya zobulungira, poti ankaziona ngati zosafunika. Jobs anamutengera panja n'kumuonetsa zikwangwani za m'misewu ndi zinthu zina zambiri zopanda ngodya zosongoka. Atkinson anagonja, ndipo posakhalitsa anabwera nazo.

Koma ife mtima wathu uli kwambiri pa mayi wina, Susan Kare. Iye sanaphunzire za makompyuta. Anali waluso la zojambula, ndipo anaphunzira kupeta nsalu kwa mayi ake. Anagula kope la timabokosi, n'kumadetsa kabokosi kamodzikamodzi mpaka chithunzi chitatuluka: bini yotayamo zinyalala, wotchi youza munthu kuti adikire, kompyuta yomwetulira. Zithunzi zambiri zinkakwana m'timabokosi 32 uku ndi 32 uku. Aliyense amene anaonapo agogo akuluka mkeka wa mlaza, kapena chisoti chopita nacho ku Jumu'ah chikupetedwa, akudziwa mwambo wa ntchito yotere: malo ndi ochepa, ndipo ukalakwitsa kuwerenga kamodzi, duwa lonse lapendama. Amisiri achisilamu ku Iran ndi madera oyandikira ankachita zofanana polemba zilembo za Kufi ndi njerwa pa makoma a mizikiti.

Kampani ya Microsoft inayamba mosiyana. Windows yoyamba, ya 1985, inkandandalika mazenera moyandikana ngati matailosi, osasanjikiza. Mu 1987 nayo inalola kusanjikiza, ndipo chaka chotsatira Apple inakasuma ku khoti, ponena kuti maonekedwewo ndi ake. Mlanduwo unatenga zaka zingapo, ndipo Apple sinapambane. Panthawiyo n'kuti Kare atachoka kale ku Apple. Pambuyo pake anajambulanso zithunzi za Windows 3.0 ya 1990.